Anausoka mtsempha wa mkono koma zala zikadali dzanzi, chikuchitika mkatimo nchani?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Dwangwa, ku Nkhotakota. Akuti: "Adokotala, mlongo wanga anadzitema ndi chikwanje pamkono, pakati pa chigongono ndi dzanja, akudula nzimbe kudimba kwake. Kuchipatala anati mtsempha waduka, anakausoka ku thiyeta, bala linapola bwinobwino koma pano patha miyezi 4 chala chaching'ono ndi chinzake choyandikana nacho sizikumva kanthu, zayamba kupindika ndipo dzanja likuphwa. Akuti tidikire. Komanso kwathu kuno kuli mnyamata anathyoka msana pa ngozi ya kabaza, iyeyo anamuuza kuti mwina sadzayendanso. Nanga bwanji wina akuti dikirani wina akuti sizitheka, si mitsempha yonseyo? Mwana wanga wa ku koleji akuti kunja anapeza mankhwala otseka zinthu zina zotchedwa kinase omwe amameretsa mitsempha, ndipo wina pa WhatsApp akugulitsa makapusozi akuti ndi omwewo. Tigule?"

Zikomo achemwali, ndipo pepani ndi zomwe zinawagwera alongo anuwo. Ndiyambe ndi za makapusozizo chifukwa ndi zomwe zingakudyereni ndalama mawa lomweli. Musagule. Mpaka lero palibe mankhwala akumwa kapena obaya omwe anavomerezedwa kuti amameretsa mtsempha woduka, kaya ku America, kaya ku India, kaya kwathu konkuno. Koma mwana wanuyo sananame ayi, nkhani ya ma kinase ilipodi ndipo ndi yaikulu, nde ndikufuna ndiifotokoze mofatsa chifukwa mukaimvetsa mudziwa chomwe adokotala akutanthauza akamati dikirani, komanso mudziwa kuti kudikirako kuli ndi malire ake, si kudikira kopanda tsiku.

Mitsempha tikukamba apayi si ya magazi, ndi ija yonyamula mauthenga, yomwe imapangitsa kuti mumve kutentha kwa kapu ya tiyi komanso kuti chala chipinde mukafuna. Selo ya mtsempha ndi yodabwitsa kapangidwe kake. Thupi la seloyo lili kutali, kwa mtsempha wa alongo anuwo lili mumsana cha m'munsi mwa khosi, ndiye kuchokera pamenepo limatulutsa kachingwe kamodzi kowonda kwambiri kotchedwa axon, kamene kamadutsa kukhwapa, kuseri kwa chigongono paja mukagunda pamachita ngati shoko paja, mpaka kukafika kuchala chaching'ono. Mtsempha umenewu madokotala amautcha ulnar, ndipo zomwe mwafotokozazo, zala ziwirizo, kupindikako, kuphwa kwa dzanjako, ndi zake zenizeni. Mkati mwa mtsempha umodzi muli ma axon masauzande ambirimbiri. Zambiri zomwe axon imafuna kuti ikhale moyo zimapangidwa kumtunda kuja, kuthupi la selo, nkumatumizidwa kumunsi usana ndi usiku.

Ndiye chikwanje chija chitadula, mbali yonse ya kumunsi kwa bala inasiya kulandira zofunikazo. Dokotala wa ku England dzina lake Augustus Waller anaona zimenezi mu 1850 atadula mitsempha ya lilime la achule, anapeza kuti mbali yomwe yalekana ndi thupi la selo imaduka tizidutswatizidutswa nkutha. Mpaka pano timati Wallerian degeneration potengera dzina lakelo. Apa pali chinthu chomwe odwala ambiri sauzidwa momveka bwino ndipo chimandipweteka mtima, chifukwa amachoka ku thiyeta akuganiza kuti poti asoka ndiye kuti alumikiza basi. Dokotala sasoka ma axon, sangathe, ndi owonda kuposa tsitsi kutalitali. Amasoka chikutiro chakunja cha mtsempha, kuti mbali ziwirizo ziyang'anizane bwino. Ma axon onse a kumunsi amafabe ngakhale opaleshoni itayenda bwino chotani, ndipo atsopano ayenera kumera kuchokera pabala paja mpaka kuchala, pa liwiro la pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, tingoti masentimita awiri ndi theka kapena atatu pa mwezi.

Tsopano ma kinase. Mu selo iliyonse muli mapuloteni ochuluka zedi omwe amangokhala phee mpaka wina atawauza kuti yambani ntchito kapena siyani. Kinase ndi puloteni yomwe ntchito yake ndi kutenga kachinthu kotchedwa phosphate nkukamata pa puloteni ina, ndipo ikamatidwa choncho imasintha, imadzuka kapena imagona. Zili ngati chidindo cha a mfumu, pepala ndi lomwe lija koma likadindidwa limayamba kugwira ntchito, ndipo chidindo chimodzi chomwecho chimadinda kalata ya malo omanga nyumba komanso kalata ya maliro. Edmond Fischer ndi Edwin Krebs ndi omwe anatulukira kachitidwe aka m'zaka za m'ma 1950 ku Seattle, ankafufuza mmene minofu imatulutsira shuga wosungidwa, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 1992. Mu 2002 akatswiri atawerenga mu majini a munthu, timalangizo ta m'maselo tomwe timatengera kwa makolo, anapeza ma kinase 518. Ambiri amagwira ntchito mondondozana, uyu adinda uyu, uyonso adinda wina, mpaka uthenga ukafike pakati pa selo pomwe pali majini.

Kwa zaka zoposa 100 anthu ankangoti axon yoduka imafa ndi njala, palibe chofufuza. Zinasintha mu 1989 ku Oxford pomwe anapeza mwangozi mtundu wina wa mbewa za mu labu omwe mitsempha yake ikadulidwa mbali ya kumunsi ija imakhalabe yamoyo masabata awiri kapena atatu, pomwe mwa mbewa wamba imaphwanyika pasanathe masiku awiri. Apa mpomwe anazindikira kuti axon sikuti imangofota, imadzipha yokha, ili ndi dongosolo lake lodziwonongera lomwe lingathe kuchedwetsedwa. Pofika 2010 gulu la Michael Coleman ku Cambridge linaonetsa kuti pali puloteni yotchedwa NMNAT2 yomwe imatumizidwa kuchokera kuthupi la selo ndipo siichedwa kutha, ikasiya kubwera kwa maola ochepa chabe zinthu zimayamba kuipa. Mu 2012 anapeza yomwe imamaliza ntchitoyo, SARM1, ndipo mu 2015 anaona kuti SARM1 ikadzuka imawononga NAD, kachinthu komwe selo siingapange mphamvu popanda iko. Mphamvu zikatha calcium amalowa mosefukira, axon nkusweka. SARM1 payokha si kinase, koma ma kinase ndi omwe amafulumizitsa zonsezi, makamaka imodzi yomwe ndikufuna muigwire dzina, DLK.

DLK imakhala mu axon mwakachetechete. Axon ikavulala DLK imachuluka nkudzuka, imadinda ma kinase awiri otchedwa MKK4 ndi MKK7, amenewo nkudinda ina yotchedwa JNK. Ku mbali ya kumunsi yodukayo, mzere umenewu umapangitsa kuti NMNAT2 ndi puloteni ina yogwira timizati ta mkati mwa axon zithe msanga, ndiye imfa imafulumira. Mu 2009 gulu la ku Washington University ku St Louis linaonetsa mu ntchentche zazing'ono za pa zipatso komanso mu mbewa kuti mukachotsa DLK ma axon oduka amachedwa kusweka. Munthu akamva zimenezo amangoti basi tapeza mdani, tiitseke DLK.

Koma chaka chomwecho cha 2009 ku Utah ndi ku San Diego anthu ena ankagwira ntchito ndi kanyongolotsi kotchedwa C. elegans, kotalika milimita imodzi yokha, komwe kali ndi maselo a mitsempha 302 basi ndipo thupi lake limaonekera mkati. Mitsempha yake ikaduka amatha kuyang'ana pa maikulosikopu nkumaona ikumera. Anapeza kuti kanyongolotsi kopanda DLK mitsempha yake siimeranso ngakhale pang'ono, nsonga yodukayo imangokhala chomwecho, pomwe akaonjezera DLK imamera bwino kuposa kale. Mu 2012 anaona zofananazo mu mtsempha wa mwendo wa mbewa. Chifukwa chake nchakuti ku mbali ya kumtunda, yomwe ikadali yolumikizana ndi thupi la selo, DLK ndi JNK ndi zomwe zimanyamula uthenga wa ngozi. Zimakwera pa timapuloteni tonyamula katundu tomwe timayenda chobwerera mkati mwa axon, ulendo wonse kuchokera pamkono mpaka kukhosi, zikafika zimadinda puloteni yotchedwa c-Jun, ndipo c-Jun imatsegula majini mazanamazana omwe anali otseka kuyambira munthu ali mwana. Selo imasiya ntchito yake ya tsiku ndi tsiku yotumiza mauthenga nkuyamba kupanga zipangizo zomangira axon yatsopano. Popanda uthenga umenewo selo siidziwa nkomwe kuti mkono watemedwa.

Kafukufuku yemwe ine ndimamuona kuti anaika nkhaniyi poyera ndi wa mu 2013, wa mtsempha wa diso. Mukafinya mtsempha wa diso la mbewa, maselo ambiri omwe amatumiza zooneka ku ubongo amafa pasanathe masabata awiri kapena atatu. Atachotsa DLK maselo ambiri anapulumuka, zomwe ndi nkhani yabwino kwambiri kwa anthu oganiza za glaucoma, matenda omwe amawononga mtsempha wa diso. Koma maselo opulumukawo anataya mphamvu yomeretsa axon, ngakhale atawathandiza ndi njira zina zomwe zimameretsa. Anakhala amoyo koma osalumikizana ndi ubongo. Ndiye kuti kinase imodzi yomweyo ikutsegula majini a imfa ndi majini omera pa nthawi imodzi, ndipo chomwe chipambane chimadalira mtundu wa selo, msinkhu wake, kutalika kwa pomwe pavulala kuchokera kuthupi la selo, komanso ngati kumunsi kuli njira yoti axon idutsemo. Apa mpomwe pagona vuto lonse la mankhwala omwe mwana wanu anamva. Mukapereka mankhwala otseka DLK kwa alongo anuwo lero, mungakhale mukutseka chinthu chomwe chikumeretsa mtsempha wawo.

Ndipo si zongoganizira, anayesa ndithu. Kampani ya Genentech inapanga mankhwala otseka DLK otchedwa GDC-0134 nkuwayesa pa anthu odwala ALS, matenda omwe maselo oyendetsa minofu amafa pang'onopang'ono. Anaima pa gawo loyamba lomwe, zovuta zomwe mankhwalawo ankabweretsa zinali zambiri, ena mpaka ankamva zachilendo m'mitsempha yomweyo, ndiye sanapitirize. Sikuti mankhwala otseka ma kinase sagwira ntchito ayi, pa khansa akupulumutsa anthu, imatinib yomwe inavomerezedwa mu 2001 inasintha kotheratu moyo wa odwala khansa ina ya m'magazi. Koma pa khansa mukufuna selo ife basi, cholinga nchimodzi. Pa mtsempha mukufuna mbali ina ife nkuchotsedwa, mbali ina ikhale moyo, kenako imere, kenako isiye kumera ikafika, zonsezo ndi ma kinase omwewo pa nthawi zosiyana.

Ndati mbali ina ife, inde, chifukwa kufa kwa mbali ya kumunsi kuja nkofunika. Ma axon a m'manja ndi m'miyendo amakutidwa ndi maselo otchedwa Schwann, omwe amapanga mafuta okulunga axon otchedwa myelin. Axon ikasweka ma Schwann amasintha khalidwe, ndipo apanso ndi ma kinase, ERK ndi JNK, pamodzi ndi c-Jun yemwe uja. Amasiya kupanga myelin, amayamba kugaya yakaleyo, amaitana maselo oyera a m'magazi kuti adzachotse zinyalala, kenako amatalika nkundandalikana m'mizere mkati mwa timachubu tomwe munali ma axon akale, ndipo amatulutsa zakudya zokopa axon, monga NGF ndi BDNF. NGF ndi ija anaitulukira Rita Levi-Montalcini ndi Stanley Cohen, Nobel ya 1986, ndipo zolandirira zake pa nsonga ya axon, zotchedwa Trk, nazonso ndi ma kinase. Nsonga yomera ija imatsata mizere ya ma Schwann imeneyi mpaka kukafika komwe ikupita. Mu 2012 ku London anaonetsa kuti mbewa zomwe ma Schwann ake alibe c-Jun mitsempha yake imalephera kuchira. Panopa mkati mwa mkono wa alongo anuwo, kuyambira pachipsera mpaka kunsonga ya chala, ma Schwann ali pa mzere kudikira.

Koma sadikira mpaka kale. Miyezi ikamapita osafikiridwa ndi axon, c-Jun wawo amatsika, amafooka, ena amafa, timachubu timaphwa. Minofu nayonso ikakhala yopanda mtsempha kwa chaka chimodzi mpaka chaka ndi theka imafika posalandiranso, imasanduka zipsera ndi mafuta. Nchifukwa chake mtsempha woduka ndi mpeni kapena chikwanje kapena galasi umafunika kusokedwa msanga, masiku oyambirira omwewo ngati nkotheka, ndipo alongo anuwo anachita mwayi kuti zinatero. Ndimadandaula kwambiri ndi anthu omwe amasokedwa khungu lokha, bala nkupola mokongola, dzanzi nkumaliona ngati lidzatha lokha, kubwera patatha chaka dzanja litauma kale. Aliyense wotemedwa pamkono ayenera kuyezedwa chala chilichonse ngati chikumva komanso ngati chikuyenda, asanasokedwe.

Tiyeni tiwerengere za alongo anuwo. Ngati bala lili pakati pa chigongono ndi dzanja, kukafika ku timinofu ta m'dzanja ndi masentimita mwina 15 mpaka 20, kukafika kunsonga ya chala chaching'ono mwina 25 mpaka 30. Masabata atatu kapena anayi oyamba amathera pa kudzuka kwa selo ndi kuwoloka pomwe anasokapo. Ndiye pa miyezi 4 ma axon ayenda mwina masentimita 8 kapena 9, sanafike nkomwe m'chikhatho. Dzanzi pa nthawi ino si chizindikiro choti opaleshoni inakanika. Kuphwa kuja, makamaka kadzenje kamene kamaoneka kuseri kwa dzanja pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, ndi timinofu tomwe tikudikira mtsempha. Kumva kuchala kungayambe kubwera cha m'miyezi 9 mpaka 12, ndipo kumapitirira kusintha mpaka zaka ziwiri kapena kuposa. Ndikuuzeninso zoona, kwa munthu wamkulu ulnar siibwerera ndendende ngati kale. Kumva kuwawa ndi kutentha kumabwera, mphamvu yogwira khasu imabwera ndithu, koma tintchito tosamalitsa, kumanga batani, kutola ndalama yachitsulo patebulo, kuumba mbamu ya nsima, nthawi zambiri timatsalira, chifukwa ma axon ena amasochera pomwe anasoka paja, ya kuminofu nkulowa njira ya kukhungu. Ana ndi achinyamata amachira bwino kuposa akuluakulu.

Nanga mnyamata wa msana uja? Mtsempha waukulu wa mumsana ndi ubongo zili ndi malamulo ena. Mulibe ma Schwann, myelin ya mmenemo imapangidwa ndi maselo ena omwe akavulala sasintha nkukhala othandiza, ndipo zinyalala zimakhala miyezi ngakhale zaka osachotsedwa. Mu zinyalalazo muli mapuloteni oletsa kumera, lodziwika kwambiri ndi Nogo lomwe Martin Schwab wa ku Zurich analisakasaka kwa zaka zambiri mpaka jini yake inadziwika mu 2000, ndipo chipsera chomwe chimapangika pamenepo chilinso ndi zoletsa zake. Nsonga ya axon ikakhudza zimenezi, mkati mwake mumadzuka puloteni yotchedwa Rho, Rho nkudzutsa kinase yotchedwa ROCK, ndipo ROCK imapangitsa nsongayo kukwinyika nkubwerera m'mbuyo. Kale ankati maselo a mumsana sangamere mwachibadwa, koma mu 1981 Samuel David ndi Albert Aguayo ku Montreal anatenga kachidutswa ka mtsempha wa mwendo wa khoswe nkukalumikiza ku msana wake, ndipo ma axon a mumsana analowa mmenemo nkumera masentimita angapo. Kungoti atafika kumapeto nkubwereranso mumsana anaima pompo.

Vuto lachiwiri lili mkati mwa maselo eniakewo, akakula amazimitsa mphamvu yawo yomera. Mu 2008 gulu la Zhigang He ku Boston linachotsa jini yotchedwa PTEN m'maselo a diso la mbewa. PTEN ntchito yake ndi kufufuta zomwe kinase ina yotchedwa PI3K yadinda, ndiye ikachoka mzere wa PI3K, Akt ndi mTOR umayaka, selo imayamba kupanga mapuloteni ambiri ngati ya mwana, ndipo ma axon anamera mu mtsempha wa diso mtunda womwe anthu sankauyembekezera. Zinagwedeza onse ofufuza nkhaniyi. Koma PTEN ndi imodzi mwa majini omwe amatiteteza ku khansa, makhansa ambiri amayamba PTEN ikawonongeka, nde palibe dokotala angaizimitse mwa munthu mwachisawawa. Mankhwala otseka ROCK alipo, fasudil akugwiritsidwa ntchito ku Japan kuyambira 1995 pa mitsempha ya magazi ya mu ubongo, ndipo pali madontho a m'maso a glaucoma a mtundu womwewo, koma palibe omwe anavomerezedwa kuti amachiza msana. Mankhwala ena otseka Rho omwe ankapaka pa msana nthawi ya opaleshoni anawayesa pa anthu othyoka khosi, kafukufukuyo anamuimitsa mu 2018 ataona kuti sakuthandiza. Ndiye adokotala a mnyamatayo sanamunamize. Ngati mtsempha wa mumsana sunaduke wonse ena amapezako bwino m'chaka choyamba, makamaka ngati kumunsi kukumvekako pang'ono, koma chomwe chimapha anyamata ngati ameneyu kwathu kuno ndi zilonda za pogona ndi matenda a m'chikhodzodzo. Azitembenuzidwa maola awiri aliwonse, khungu la m'matako ndi m'zidendene liziyang'anidwa tsiku lililonse, ndipo abale afunse za bungwe lothandiza olumala la MAP kapena chipatala cha Kachere ku Blantyre komwe amaphunzitsa anthu oterewa kudzisamalira ndi kuyenda pa njinga ya olumala.

Pang'ono za khate, poti m'maboma a m'mbali mwa nyanja muno likadapezekabe ndipo limakonda mtsempha wa ulnar womwewu. Kachilombo ka khate kamalowa mu ma Schwann, ndipo ofufuza anaonetsa kuti kamagwira kinase yotchedwa ErbB2 nkudzutsa ERK, ma Schwann nkuvula myelin ngati kuti pachitika ngozi pomwe palibe chomwe chaduka. Munthu yemwe zala zake zikuchita dzanzi ndi kupindika chonchi popanda bala, makamaka ngati ali ndi zigamba zotuwa pakhungu zosamva kukhudza, apite kuchipatala sabata yomweyo, mankhwala ake ndi aulere ndipo mtsempha umapulumuka ngati afulumira.

Tibwere ku zomwe mungachite pakhomo, chifukwa zilipo ndipo nzofunika kuposa kapusozi aliyense. Choyamba pali kayezedwe kosavuta komwe dokotala wa ku France Jules Tinel analemba mu 1915 akusamalira asilikali ovulala pa nkhondo. Alongo anuwo aike mkono patebulo chikhatho chitayang'ana kumwamba, inu muzigogoda pang'onopang'ono ndi nsonga ya chala chanu kuyambira kuchala chaching'ono, kudutsa m'mbali mwa chikhatho, kukwera mkono mbali ya chala chaching'onoyo kulowera kuchipsera. Pena pake adzati apo, ndamva ngati shoko kapena tinyerere tikuthamangira kuchala. Pamenepo mpomwe nsonga za ma axon zafika. Yezani ndi tepi ya telala kuchokera pachipsera, lembani m'buku la kuchipatala lija ndi deti lake, mudzabwereze pakatha mwezi. Malowo ayenera kumasunthira kuchala mwezi ndi mwezi. Chizindikiro china ndi thukuta, khungu lopanda mtsempha limakhala louma ndi losalala, likayamba kuchita chinyontho ndiye kuti ma axon afika.

Mafizo asawasiye olo atatopa nawo. Cholinga chachikulu nchakuti mfundo za zala zisaume, chifukwa mtsempha ukhoza kufika bwinobwino nkupeza zala zitagwirana kale mopindika, ntchito yonse nkupita pachabe. Aziwongola ndi kupinda chala chilichonse ndi dzanja linalo kangapo pa tsiku, ndipo afunse a mafizo za sipulinti yoletsa zala ziwirizo kupindikira kumbuyo. Palinso umboni wa mu mbewa woti kulimbitsa thupi kumachulukitsa BDNF ndi kudzutsa cholandirira chake TrkB, ma axon nkumera msanga, ndiye asamangokhala pakhonde, aziyenda, azigwiritsa ntchito mkonowo pa zomwe ungathe.

Dzanja losamva limapsa mwiniwake osadziwa. Ndi mbaula, chivundikiro cha poto, kapu yachitsulo, ekizozi ya njinga yamoto, ngakhale mpini wa khasu umatha kutupitsa matuza osamva kanthu. Aziliyang'ana madzulo aliwonse, azipaka Vaseline kuti lisang'ambike, madzi osamba aziyesa ndi dzanja labwinolo. Fodya asiye, amachepetsa magazi opita ku mtsempha womwe ukumera, kachasu nayenso amawononga mitsempha payekha, ndipo ngati sanayezetsepo shuga akayezetse. Ma vitamin B amathandiza munthu yemwe akuperewera mavitaminiwo, monga omwe akumwa mankhwala a TB aja amapatsidwa pyridoxine, koma safulumizitsa mtsempha woduka, ndipo B6 wochuluka kwambiri amayambitsa dzanzi yekha. Akayamba kumva kuotcha kapena kubaya usiku musaope, kawirikawiri zimabwera pomwe mtsempha ukumera, akauze adokotala, pali mankhwala ngati amitriptyline omwe amachepetsa ululu wa mtundu umenewu pomwe panado amalephera.

Pomwe simuyenera kudikiranso ndi apa. Ngati mwayeza miyezi iwiri kapena itatu yotsatizana ndipo shoko uja akungomveka pachipsera pompo osasuntha, makamaka ngati pamenepo pali kachotupa kolimba kowawa mukakakhudza, ndiye kuti mwina ulusi unamasuka kapena ma axon apiringizana pamalo amodzi osawoloka. Musadikire tsiku lomwe anakulemberani, bwererani kuchipatala cha boma ndi buku lija muwaonetse manambala anu, mupemphe kalata yopita kwa madokotala a mafupa ndi mitsempha ku Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe kuli chipatala cha LION. Akhoza kutsegulanso, kudula chotupacho nkulumikiza ndi kachidutswa ka mtsempha wochokera kumwendo, ndipo zimenezi zimathandiza zikachitika miyezi 6 mpaka 9 isanapitirire kwambiri, ma Schwann ndi minofu zikadali zolandira. Nthawiyo ikadutsa pamatsala opaleshoni ina yosamutsa zingwe (ma tendon) za minofu yomwe ikugwira ntchito kuti iwongole zala zopindikazo, imeneyo siidalira kumera kwa mtsempha ndipo imatheka ngakhale patapita zaka, bola mfundo za zala zikhale zikadali zofewa.